Nkhongo ya mu Mzere Wachinayi

Lachiwiri limenelo Delifa anagwira ntchito zomwe zija za masiku onse. Anatunga ndowa zinayi pa mjigo. Anasesa pakhomo pa apongozi, kenako pake. Anachapa matewera a Mwatitha, anamuphikira phala, theka mwana anadya, theka linalo anadzola kumaso. Anaanika ufa, anathamangitsa mbuzi za eni pa ufawo katatu, anakalima mizere khumi ndi iwiri m'munda umene sunali wake. Dzuwa litapendeka anachotsa batire pa sola n'kulumikiza kadividi, chifukwa Lachiwiri linali tsiku la kanema, ndipo kwa Delifa kanema inalinso ntchito. Amayi oyandikana naye ankabwera kudzaonera, maso pa galasi, manja akumuswera mtedza. Filimu imodzi, dengu limodzi. Ikatalika, awiri.

Uku kunali ku Zikatsala, chigawo chakumapeto kwa ufumu wa Khalanichete, kumene msewu umafika utatopa kale. Delifa anali pa chitengwa. Mwamuna wake Jabesi anamutenga kwawo n'kumukhazika pamudzi pa makolo ake, ndipo Mwatitha ali ndi mwezi umodzi, Jabesiyo anakwera basi yopita kulikulu, ku Tidyeretu, ati kukafuna ganyu. Zinali zitatha zaka ziwiri. Uthenga wake unkabwera mwa apo ndi apo, nthawi zonse wofanana: zinthu zavuta, akugona pakhonde la golosale, apirire.

Delifa ankalima, zokolola n'kumalowa m'chipinda cha apongozi, chimene kiyi wake ankagona pachingwe m'khosi mwawo. Kwawo kwa Delifa, tsidya lina la mtsinje, munda wa malemu amayi ake unali kumera tchire. Iye ankafuna chinthu chimodzi chokha, chakuti ankhoswe amumasule mvula isanagwe, akadzale munda wakewo. Anawapitira katatu. Katatu konse a Dzoole, atsibweni ake, pamodzi ndi a Sankhulani, nkhoswe ya kuchimuna, anamuuza kuti mwamuna wofunafuna ntchito si mlandu. Ngati munthuyo walakwa, abweretse umboni.

Tsono kuti mumvetse chimene amayiwo ankaonera, tibwerere kaye ku bwalo la Mfumu Ndakhuta Wachiwiri, zaka zisanu m'mbuyomo.

Mafilimu akunja atayamba kulowa mu ufumuwo, bwalo linakhala masiku atatu kukambirana za umwini wake. Nduna ya Zooneka ndi Zomveka, a Tsekanimaso, analankhula kuyambira m'mawa mpaka tiyi wachiwiri. Anati filimu ili ngati ng'ombe yophedwa, siperekedwa yathunthu kwa aliyense. Pali nyama ya pamsana, pali zam'kati, pali mang'ina, ndipo dziko la mtendere ndi limene munthu aliyense amadziwa chiwalo chake. Mfumu inadzidzimuka pa mawu akuti nyama, inavomereza, inagonanso.

Choncho chilolezo choonetsa filimu yowala, ya mawu ake ndi mathero ake, chinapita ku Tidyeretu. A chigawo chapakati, ku Tiyembekeze, analoledwa kuilandira pakatha miyezi isanu ndi umodzi, mawu akutsalira m'mbuyo, moti kumeneko munthu ankagwa kaye, mfuti n'kulira pambuyo pake. Chilolezo cha ku Zikatsala chinagulidwa kwa zaka 99 ndi kampani ya Mlamu ndi Ana Ake, imene inachitsekera m'kabati. Kampaniyo inalibe makina opangira zimbale, ndipo sinkawafuna n'komwe. Inagula kuti wina asagule.

Anthu a ku Zikatsala atadandaula, loya wa boma anapeza njira. Filimu inali ndi mwini, inde, koma holo yachifumu imene filimuyo inkaonetsedwamo inali ya boma, ndipo panalibe lamulo loletsa boma kujambula holo yake. Kuyambira pamenepo, Lachisanu lililonse, kalaliki wa unduna ankaima kumbuyo kwenikweni kwa holoyo, kamera ili paphewa. Chimbale chinkafika ku Zikatsala ndi chidindo cha boma, chitalembedwa kuti "Anthu Akuonera Kanema," ndi nambala ya gawo. Filimu yeniyeniyo inkaoneka pamwamba, kakang'ono ngati kansalu kopukutira thukuta. Pansi ponse panali mitu.

Poyamba anthu anatukwana. Kenako anazolowera, ndipo atazolowera anazindikira kuti nkhani yeniyeni inali pa mitu. Anthu a mufilimu aja palibe ankawadziwa kwawo, komanso ankangothamangitsana popanda kunena chimene alakwirana. Koma mituyo inali ya m'dziko momwemo. Anaipatsa mayina. Panali Wotsokomola, amene sanaphonyepo gawo. Panali Khosi Lamizere, limene linkagwera kumanzere filimu ikangoyamba. Mu mzere woyamba munkakhala Dazi Lalikulu, lowala kuposa filimuyo, ndipo pambali pake pankakhala Meshi Yofiira, yaitali ngati chulu. Amayi a ku Zikatsala ankadziwa mutu umene wanenepa, umene wakwezedwa kuchoka mu mzere wachisanu kufika wachiwiri, ndi umene wasowa. Mutu ukasowa milungu itatu, ankadziwiratu kuti wailesi ilengeza zakuti nduna yakuti yapuma pa zifukwa za thanzi.

Chimbale cha Lachiwiri limenelo chinayamba bwinobwino. Wotsokomola anatsokomola. Feliya, mnzake wa Delifa wa pakamwa posatseka, ndiye anayamba kuona kuti Dazi Lalikulu palibe, ndipo Meshi Yofiira nayo sili pamalo pake. Amayiwo anaifunafuna mzere ndi mzere mpaka anaipeza mu mzere wachinayi, chakukhoma, itatsamira paphewa la mutu wachilendo.

Delifa anasiya mtedza. Anabweza chimbale m'mbuyo, anachiimitsa, anasendera mpaka mphuno inatsala pang'ono kugunda galasi. Khutu lakumanja la mutuwo linali lobenthuka pamwamba, pamene lata linamucheka Jabesi akufolera khitchini ya mayi ake. Koma makutu obenthuka ndi ambiri. Chimene chinamaliza nkhani ndi kolala. Malaya amenewo Delifa anawatembenuza kolala yekha itaperepeseka, ndipo ulusi woyera utamuthera pakati anamalizira ndi wakuda. Ulusi wakudawo unkaoneka bwino lomwe, popeza kamera ya unduna, potsata lamulo, inkalozetsedwa pa nkhongo osati pa filimu.

"Make Mwatitha," anatero Feliya, "pakhonde la golosale paja ndi pamenepa?"

Delifa anayendetsanso chimbalecho. Anaonera mpaka kumapeto. Anaona dzanja la Jabesi likulowa m'pepala la mbuliwuli, n'kumapita kukamwa kumene sikunali kwake. Anadzifufuza ngati misozi ikubwera, anapeza kuti mtima wake uli kale kumunda wa tsidya lija, ukuyeza mbewu imene ingakwane. Anatulutsa chimbalecho, anachipukuta ndi nsonga ya chitenje, anachilowetsa m'buku la kusikelo la mwana, n'kuwoloka mtsinje madzulo omwewo. A Dzoole atamva anakanda chibwano, anati atumiza mawu kwa a Sankhulani, akumane Loweruka, Delifa abweretse kadividi ndi batire lake adzaone okha. Pobwerera Delifa anaona mitambo itayamba kuunjikana kum'mawa.

Amayi aja Delifa anali atawapempha kuti nkhaniyo ikhale ya m'nyumba momwemo mpaka Loweruka. Feliya anasunga chinsinsicho ndi mtima wake wonse, anangochinong'oneza kuchigayo basi, ndipo kuchigayo munthu amanong'ona mokuwa.

Lachitatu msika wonse unali pa benchi ya a Zefaniya, wogulitsa zimbale. Gawo limenelo linatha nthawi ya kadzutsa isanakwane. Wogulitsa makala anati iye anakayika kalekale, chifukwa Meshi Yofiira inali itasiya kuseka Dazi likaseka. Mayi wa tomato anati mlandu ndi wa Dazi, munthu sasiya meshi yotero yokha Lachisanu. Telala anayamikira msoko wa kolalawo, anati zaka ziwiri osamasuka, mayi ameneyo akafuna ntchito abwere. Panalibe amene anafunsa kuti filimu ya pamwambayo inatha bwanji. Pofika madzulo nkhaniyo inali itakwera basi pamodzi ndi kondakitala, yosalipira.

Lachinayi bwalo la Mfumu Ndakhuta linakhala mwadzidzidzi. A Tsekanimaso, amene anali atangobwera kumene kuchokera kunja ku msonkhano woteteza umwini wa mafilimu, analowa atavala chipewa, ndipo sanachivule ngakhale pamaso pa mfumu. Anati mtima wawo ukuwawa chifukwa cha anthu a ku Zikatsala. Zaka zisanu akudya mang'ina, kodi iwo si ana a ufumu uno? Kodi maso awo si maso? Anati nthawi ya chilungamo yakwana, anthu amenewo ayenera kulandira chithunzi choyera, chopanda mutu wa munthu ndi umodzi womwe. Thukuta linkatsika kuchokera m'chipewamo koma sanachigwire.

Nduna zinazo zinayang'anizana, iliyonse ikukumbukira amene inakhala naye pafupi Lachisanu lakuti ndi lakuti. Kenako zinaomba m'manja mmene sizinaomberepo chiyambire. Nduna ya Misewu inalira ndithu. Wina anafunsa ngati a Mlamu ndi Ana Ake atsegule kabati ija, koma anayankhidwa kuti kwatsala zaka 94 ndipo boma limalemekeza mapangano. Loya anati asadandaule, njira ilipo. Mfumu inafunsa ngati mutu wake umaonekanso pa zimbalezo. Itauzidwa kuti ayi, popeza imakhala pamwamba pa kamera, inakhumudwa pang'ono, n'kulamula kuti nkhope yake iikidwe pachikuto. Lamulo linasainidwa: zimbale zonse za mitu zibwezedwe pofika Lachisanu, wobisa adzaimbidwa mlandu woona zosamukhudza.

Pa msewu wa ku Zikatsala feteleza amayenda miyezi inayi. Malole a zimbale anayenda tsiku limodzi.

Lachisanu m'mawa asilikali anayamba kulowa nyumba ndi nyumba. Delifa anali atakonzeka. Buku la kusikelo analiika kumsana, pakati pa iye ndi Mwatitha, n'kumanga chitenje kawiri. Asilikali anasanthula pansi pa mphasa, m'dengu la mtedza, mpaka m'chikwere cha nkhuku. Anali akutuluka pamene apongozi ake, a Nankhoma, anafika pakhomo akupukuta manja. Iwo anali atamva za Loweruka, ndipo anali atawerengera kale mizere imene idzatsale yosalima mpongozi akachoka.

"Mwana wanga," anatero mokoma, "mwanayo wamumanga kwambiri. Tamutsitsa apumeko."

Mkulu wa asilikali anamva. Sipanapite nthawi, Delifa anali pa mzere pamsika, chimbale chili m'manja, msilikali ali pambali pake.

Mzerewo unali wautali kuyambira pa lole mpaka kwa ogulitsa mbuzi. Kutsogolo kwake pang'ono kunali a Dzoole ndi a Sankhulani, amene onse awiri ankanena kuti zoonera mitu n'za amayi. Aliyense anali ndi thumba lodzaza. Anapatsana moni osayang'anana m'manja.

Pamwamba pa lole panaima mneneri wa unduna, a Sizoona, ndi chimkuzamawu. Pansi pake asilikali awiri ankathyola zimbale n'kumaponya mu mgolo. Delifa anapereka chake. Chinalira kamodzi kokha, thyo, ndipo Loweruka lake linathera mu mgolomo. Anamupatsa chatsopano, cha nkhope ya mfumu pachikuto.

A Zefaniya anaika chimodzi mu dividi ya pa benchi yawo kuti anthu aone chilungamocho. Kunena zoona, chithunzi chinali choyera. Anthu a ku Zikatsala anali asanaonepo chithunzi chowala chotero. Chinkaonetsa mipando. Mizere khumi ndi isanu ya mipando yofiira, yopanda munthu, ndi khoma loyera kutsogolo. Filimu panalibe, popeza holo ikakhala yopanda anthu makina sayatsidwa, ndipo umwini wa filimuyo unali udakali m'kabati. Pansi panalembedwa kuti "Anthu Atatuluka, Gawo Loyamba."

Anthu anaonera mwaulemu kwa kanthawi. Kalipentala wina anati misomali ikuoneka bwino, aphunzirapo kanthu. Mayi wa tomato anafunsa ngati mu gawo lachiwiri mudzalowe munthu wosesa. A Zefaniya anati asaulule, ena sanaonere.

Delifa sanaseke. Anayang'ana mitambo, anayang'ana mgolo, anayang'ana akuluakulu awiri aja akupinda matumba awo opanda kanthu. Kenako anaona kuti a Sizoona ali ndi pepala lina m'thumba la malaya, limene ankangoligwiragwira ngati munthu amene waphika koma palibe womupempha. Anakweza dzanja, anapinda mawondo pang'ono.

"Bwana, ine sukulu ndinalekeza sitandade sikisi, ndiye mundithandize. Mutu wa mu mzere wachinayi uja, wa chakukhoma, unali wa ndani?"

Dzina sanatchule. Msika wonse unatchera khutu, ndi mbuzi zomwe. A Sizoona anasolola pepala lija nkhope ikuwala, anakonza tayi, anakweza chimkuzamawu.

"Boma likukanitsitsa kwamtuwagalu kuti mutu umene unaoneka mu mzere wachinayi ndi wa Jabesi Kaliwo wa m'chigawo chino, amene sakhala akugwira ntchito ya udalaivala kwa olemekezeka a nduna kuyambira chaka chatha. Boma likukananso kuti mayi amene sanatsamire paphewa lake ndi mayi a kunyumba kwa olemekezekawo. N'zabodza kuti awiriwa akhala akupita kuholo Lachisanu lililonse olemekezeka akachokapo. N'zabodza kuti amagawana mbuliwuli. Pomaliza, n'zabodza kuti Jabesiyo wathawa ndi galimoto, ndipo aliyense amene angamuone adziwitse apolisi."

Delifa anathokoza. Anati mwana amalira, sanamve bwino, komanso kumbuyoko kuli akuluakulu a makutu olemera, ngati bwana angabwereze. Mwatitha anali m'tulo, koma a Sizoona sanayang'ane. Chiyambire ntchito yawo palibe anawapemphapo kuti abwereze. Anawerenganso, pang'onopang'ono, dzina la Jabesi analitchula kawiri kuti lisasokonekere ndi la wina. Delifa atafunsa ngati angapeze pepala lakelake loti azikumbukira kuti si mwamuna wake, anamupatsa, analipo ambiri, n'kumenyapo chidindo pa bondo.

Ankhoswe sanadikire Loweruka. Anakhala pa benchi kuseri kwa matelala, Delifa atakhala pansi chapatali, pepala lili pakati pawo.

A Sankhulani anayesetsa, poti ndiyo ntchito imene anatumidwa. Anati onse amva ndi makutu awo, boma lanena kuti si iye. A Dzoole sanatsutse. Anangofunsa ngati a Sankhulani akukumbukira chaka chimene boma linakana kuti kuli njala, ndi zimene anadya chaka chimenecho. Anafunsanso za mlatho wa pa Mwamphanzi, umene boma linakana kuti wagumuka, ndi mmene a Sankhulani anawolokera pobwera ku ukwati womwe akukambiranawu, buluku lili pamutu. Anati iwo chimbale chija akanachikayikira, chifukwa nkhongo zimafanana ndipo ulusi wakuda umagulitsidwa paliponse. Koma ichi n'chidindo.

A Sankhulani anatenga pepalalo, analiyang'anitsa padzuwa, ananunkhiza inki yake. Kenako analibweza pa benchi.

"Likanangokhala chete bomali, tikanati mwina," anatero pomaliza. "Koma lakana kawiri, pa chimkuzamawu. Mayi, nyamulani katundu wanu. Ife kuchimuna tilibe mawu."

A Nankhoma anali nawo mawu, ambiri ndithu, ndipo anawalankhula onse Delifa akumanga mitolo. Anati kadividi anagula ndi mwana wawo, katsale. Delifa anakasiya, n'kunyamula sola ndi batire, zimene anagula yekha ndi mtedza, moti kadividiko kanatsala pa tebulo ngati mbale yopanda ndiwo. Feliya anamusenzera ndowa ndi mphasa mpaka pa mtsinje, akudandaula njira yonse kuti tsopano Dazi adzalidziwira kuti.

Loweruka ndi Lamulungu Delifa anasosa tchire, a Dzoole anabwereka anthu awiri a makasu. Mvula inagwa Lolemba masana. Lachiwiri anadzala, Mwatitha akumutsata m'mbuyo n'kumafukula mbewu zina.

Zonsezi zinamudyera izi: chimbale chimodzi, kadividi kamodzi, nkhuku ziwiri zothokozera ankhoswe, tambala mmodzi wa anthu a makasu, madengu atatu a mtedza amene anatsala m'chipinda cha kiyi, ndi patapata mmodzi amene anapita ndi madzi powoloka. Jabesi sanamuwerengere. Ameneyo anatayika kale, ndipo amene anamutola adziwa yekha.